Dzuwa ndi Khungu la Mwana Wanu

Amayi, pa maphunziro athu a kusikelo takhala tikukambirana za katemera, za phala la mwana, za matenda otsekula m'mimba ndiponso za udzudzu. Lero tikambe za dzuwa. Ena mudabwa, pakuti dzuwa ndilo limaumitsa mphale yathu ndi matewera a ana, ndipo sitidazolowere kuliwerengera pamodzi ndi matenda. Koma alipo ana ena pakati pathu amene dzuwa limawatentha monga momwe madzi a moto amatenthera, ndipo likawatentha chaka ndi chaka limawabweretsera khansa ya pakhungu. Ana amenewa ndi achialubino. Phunziro lino nlawo makamaka. Komabe inu amene mwana wanu ali ndi khungu lakuda musaponye kabukuka pansi, chifukwa mwana wachialubino angathe kubadwa m'banja lililonse, ndipo mwina mawa adzakhala mdzukulu wanu kapena mwana wa mnansi wanu.

Kodi dzuwa limatentha bwanji khungu?

M'kuwala kwa dzuwa muli cheza china chimene maso sachiona ndipo thupi silichimva. Madokotala amachitchula ndi malembo awiri akuti UV. Cheza chimenechi chimalowa m'khungu nkuononga tizigawo take tating'onoting'ono. Munthu wakuda ali ndi utoto wachibadwa wotchedwa melanini, umene umagwira cheza chambiri chisanalowe mkati. Utoto womwewo ndiwo umadetsa tsitsi ndi maso. Mwana wachialubino amabadwa ndi melanini wochepa kwambiri, mwinanso wopanda nkomwe, kotero khungu lake lili ngati nyumba yosafolera.

Pali chinthu chimodzi chimene chimanyenga amayi ambiri. Amaganiza kuti dzuwa loopsa ndi lokhalo la mwezi wa Okutobala, lija lotulutsa thukuta. Kutentha ndi cheza cha UV nzinthu ziwiri zosiyana. Mwana angathe kupsa ndi dzuwa ku Dedza mwezi wa Juni, inu mutafunda chitenje chifukwa cha chisanu. Ndipotu kumalo okwera cheza chimachuluka: mukakwera mamita 1,000 chimaonjezeka ndi magawo pafupifupi 10 pa magawo 100 alionse, chifukwa mpweya umene umachitchinga ngwochepa kumwambako. Mitambo yopyapyala nayonso siitchinga kwenikweni. Kuno kwathu dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, cha m'Okutobala ndi Novembala, kenaka cha m'Febuluwale. Ndiye kuti nyengo yadzinja, pamene muli kalikiliki kudzala, kupalira ndi kubandira, kumwamba kuli mitambo, ndiyo nyengo imene cheza chili ndi mphamvu zedi. Kunyanja, monga ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, madzi ndi mchenga zimabweza cheza, kotero chimamupeza mwana kuchokera pansi ngakhale wavala chipewa.

Nthawi yoopsa ndi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Ngati mulibe wotchi, yang'anani chithunzithunzi chanu pansi. Chikakhala chachifupi kuposa msinkhu wanu, dziwani kuti dzuwa lafika potentha khungu.

Mwana wachialubino

Chialubino si matenda opatsirana, si tsoka, ndipo si chilango. Sichibwera chifukwa cha chakudya chimene mayi adadya ali woyembekezera, kapena chifukwa adaseka munthu wachialubino. Mwana amachitenga kwa makolo onse awiri, bambo ndi mayi, ngakhale onsewo ali akuda bii. Aliyense wa iwo amakhala atasunga mbewu yake m'thupi osadziwa, ndipo mbewu ziwirizo zikakumana mwana amabadwa wachialubino. M'banja lotere, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa mipata inayi wakuti mwana abadwe wotero. Nchifukwa chake mumaona banja limodzi lili ndi ana akuda atatu ndi wachialubino mmodzi, lina achialubino awiri motsatizana. Tsono bambo amene amathawa banja nkumanena kuti mkazi wake adayenda ndi mzungu akuthawa magazi ake omwe. Mau amenewa mukawauze abambo ndi apongozi kunyumba, ndipo akakana mubwere nawo kuno tidzawafotokozere ndife.

Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 adawerenga anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Nzeru zawo nzofanana ndi za wina aliyense. M'chaka cha 2021 anthu a ku Nkhotakota adasankha a Overstone Kondowe, munthu wachialubino, kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Maina achipongwe aja akuti napweri ndi mzungudala tiwaleke. Mwana ali ndi dzina lake.

Makanda ambiri amabadwa oyererako nkumada m'masabata otsatira, choncho mayi wina amangodikira kuti mwana wake ada. Onani tsitsi ndi nsidze. Zikakhala zoyera kapena zachikasu, maso ali otuwa, mwana akutsinzina kwambiri akaona kuwala, ndipo patapita miyezi ingapo maso akuyendayenda okha uku ndi uku, muonetseni kwa anamwino. Musadikire kuti ayambe wapsa.

Ali kumbuyo simumuona

M'mera mpoyamba. Khungu limasunga chilichonse chimene dzuwa lalichita, ndipo khansa imene imatuluka munthu ali ndi zaka 25 kapena 30 kawirikawiri mizu yake imakhala ya ku ubwana. Ubwana umenewo umayambira kumsana kwanu.

Taganizani mmene mumaberekera mwana. Chitenje chimaphimba msana ndi matako ake. Nanga chimatsala kunja nchiyani? Mutu, makutu, khosi, timanja ndi timapazi. Mwana akagona, mutu umagwera kumbuyo, nkhope nkuloza kumwamba. Inu mukawerama ndi khasu, dzuwa limamenya pakhosi pake kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza. Ndipo inu simukuona kanthu, pakuti ali kumbuyo. Sangakuuzeninso, chifukwa kupsa ndi dzuwa sikupweteka nthawi yomweyo. Khungu limayamba kufiira patapita maola angapo, ndipo ululu umakula usiku ndi m'mawa mwake. Mayi amadabwa kuti mwana walira usiku wonse osadziwa kuti mlandu udachitikira kumunda, pamzere wa kuchigayo, kapena panjira yopita kumjigo. Malo omwewa, mutu, makutu, milomo ndi khosi, ndiwo amene khansa imakonda kutulukira mwa akuluakulu achialubino.

Nanga muchite chiyani, popeza ntchito siingaime? Sinthani nthawi yake. Lawirirani kumunda kusanache, ndipo dzuwa likakwera mwana akhale pamthunzi ndi mlezi. Mthunzi wa mtengo wa mango ngwabwino kuposa wa mtengo wa masamba apatalipatali, koma khonde kapena chisakasa chofolera bwino chimaposa yonseyo. Ngati munda uli kutali ndi mitengo, abambo amange kachisakasa pomwepo. Ndi ntchito ya tsiku limodzi. Kutunga madzi, kuchapa ndi kupita kuchigayo zikhale za m'mamawa kapena za madzulo. Poyenda ulendo, ambulera ikhale yopendekera kumbuyo kumene kuli mwana, osati pamutu panu pokha. Ena amaponya nsalu yokhuthala pamutu pa khanda nkuliphimba lonse. Zimenezo ayi: mwana amatenthedwa ndipo amasowa mpweya. Mvekeni chipewa, ndipo nsalu ikhale yomasuka kuti mphepo izilowa.

Ngakhale kuno kusikelo, mukapeza mzere uli padzuwa, uzani alangizi a zaumoyo kuti mwana wanu ndi wachialubino. Amayi enanu, mnzanu wotere akapempha kutsogola, mpatseni malo mosanyinyirika.

Chovala ndicho chishango choyamba

Ndikunena za zovala ndisananene za mafuta mwadala. Mafuta amatha, amachoka ndi thukuta, ndipo nthawi zina kuchipatala amasowa. Chovala chimagwira ntchito tsiku lonse osafuna kuonjezera.

Mwana avale malaya a manja aatali okhala ndi kolala, ndi buluku lalitali kapena siketi yofika kuakakolo. Posankha nsalu, kaya nkusitolo kaya mpakaunjika, itambasuleni moyang'anitsa kudzuwa. Mukaona kuwala kukudutsa m'timipata, cheza nachonso chidutsa. Nsalu yothithikana ndiponso yamtundu woderako imatchinga bwino kuposa yoyera yopyapyala. Nsalu yonyowa ndi yakale yoperepeseka sizitchinga mokwanira.

Kapusi siikwanira. Imatchinga mphumi yokha nkusiya makutu ndi khosi pamtetete. Chofunika ndi chipewa cha khonde lozungulira mutu wonse, khonde lake lotambalala ngati zala zinayi za munthu wamkulu mutaziphatikiza. Telala wa pamsika angathe kukusokerani ndi nsalu ya chitenje yopinda kawiri, nkuikako kachingwe komangira kuchibwano. Mukhale nazo ziwiri, kuti china chikachapidwa mwana asatuluke mutu uli pambalambanda. Muzolowezeni chipewa akadali khanda. Mwana amene wayamba kuvala ali ndi miyezi itatu sachivula, koma amene mwamuyambitsa ali ndi zaka zinayi mudzalimbana naye tsiku ndi tsiku. Chipewa chimathandizanso maso, amene mwa ana achialubino amaopa kuwala ndipo saona patali. Akafika poyamba sukulu mukakambirane ndi aphunzitsi aakulu kuti amlole kuvala yunifolomu ya manja aatali, buluku ndi chipewa, azikhala kutsogolo pafupi ndi bolodi, ndipo asamapatsidwe ntchito ya panja masana.

Mafuta oteteza khungu

Pali malo amene chovala sichifika: nkhope, makutu, milomo, khosi, kunja kwa manja ndi pamwamba pa mapazi. Apa mpamene pamafunika mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Pabotolo pake pamalembedwa mau akuti sunscreen kapena sunblock. Ena mwa mafutawa ali ndi mankhwala amene amamwa cheza chisanalowe m'khungu; ena ali ndi ufa woyera wa zinki, umene umakhala pamwamba pa khungu ndipo kawirikawiri sunyerenyetsa ana aang'ono.

Pabotolopo funani malembo akuti SPF ndi nambala yotsatira. Mafuta a SPF 15 amatchinga magawo pafupifupi 93 pa 100 a cheza chotentha khungu, a SPF 30 magawo 97, a SPF 50 magawo 98. Mwana wachialubino apatsidwe a SPF 50. Akasowa, asatsike pa 30. Onaninso kuti palembedwa UVA, kusonyeza kuti amatchinga ndi cheza china chija cholowa mkati kwambiri. Mwaona kuti palibe mafuta otchinga magawo onse 100. Mayi asanene kuti poti mwana wadzola, angathe kusewera pabwalo masana onse.

Manambala amenewa amaona pokhapokha mwadzoza mokwanira, ndipo apa mpamene ambiri amalakwa. Poopa kuti botolo litha msanga, amatapa pang'ono ndi nsonga ya chala nkupakiza nkhope yonse monga timachitira ndi mafuta odzola wamba. Kudzoza kotere kumachepetsa mphamvu ya mafuta kwambiri. Munthu wamkulu amafuna sipuni yatiyi imodzi ya kunkhope, makutu ndi khosi, ndi sipuni imodzi pa mkono uliwonse umene uli poyera. Mwana wamng'ono amafuna ngati theka la muyeso umenewu. Njira yosungira mafuta ndi kumuveka mwana mokwanira kuti malo odzoza achepe.

Dzozani khungu lili loyera ndi louma, mphindi 20 mwana asanatuluke panja. Ikani timadontho pamphumi, pamasaya, pamphuno ndi pachibwano, nkupaka mofatsa osatikita mwamphamvu. Musaiwale nsonga za makutu ndi kuseri kwake, kumbuyo kwa khosi, mlomo wam'munsi, ndi pamutu ngati mwana wametedwa kapena tsitsi lili lapatalipatali. Pewani m'maso, akalowamo, tsukani ndi madzi oyera. Ngati mwana ali panja, bwerezani pakapita maola awiri alionse, ndiponso akasamba, akasambira kapena akatuluka thukuta kwambiri. Muzichita zimenezi tsiku lililonse, kaya kuli mitambo, kaya nkozizira. Madzulo msambitseni kuti mafutawo achoke. Botolo likakhala latsopano kwa iye, yambani mwapaka pang'ono mkati mwa mkono nkudikira tsiku limodzi. Pakatuluka ziwengo, libwezeni kuchipatala akuonereni mtundu wina.

Khanda losakwana miyezi 6 khungu lake nlopyapyala kwambiri. Lotereli chitetezo chake ndi mthunzi, chovala ndi chipewa, ndipo lisakhale padzuwa mpang'ono pomwe. Mafuta mulidzoze pokhapokha anamwino atakulangizani, ndipo pamalo ochepa okha.

Vaseline, gilisalini, mafuta ophikira ndi mafuta a nsatsi siziteteza ku dzuwa. Zimafewetsa khungu, ndipo Vaseline ngwabwino kudzoza usiku pamilomo yong'aluka ndi pakhungu louma, koma cheza chimadutsa ngati palibe kanthu. Botolo la mafuta oteteza lisungidwe pamalo ozizira m'nyumba, osati pawindo kapena pafupi ndi moto, chifukwa kutentha kumaononga mankhwala ake. Onani tsiku lothera ntchito. Akayamba kununkha kapena kulekana madzi ndi phala, atayeni.

M'masitolo mafutawa ngokwera mtengo, koma zipatala za boma zimawapereka kwaulere kwa anthu achialubino akakhalapo. M'chaka cha 2025 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Ndiye kuti ndi mankhwala, monga a malungo. Pokatenga musachite manyazi ngati mukupempha zodzoladzola. Mubwere botolo lisanathe, mutanyamula buku la kuchipatala la mwana. Mukapeza atha, funsani tsiku lobweranso, ndipo funsaninso a bungwe la anthu achialubino la APAM m'boma lanu. Masiku amene mukudikirawo mwana asatuluke masana. Ndipo mafutawa akhale a mwanayo. Si a banja lonse, si a mayi popita ku ukwati, ndipo si ogulitsa.

Nanga ana akuda ndi inu amayi?

Mwana wakuda wathanzi safuna kumubisa. Dzuwa limathandiza thupi lake kupanga vitamini D, amene amalimbitsa mafupa, ndipo sindikulangizani kutaya ndalama ya ndiwo pogula mafutawa. Komabe khanda lililonse lisagonekedwe padzuwa la masana. Khungu limene lili ndi chipsera cha moto, kapena mawanga oyera amene ataya utoto wake, limapsa msanga ndipo lifunika kuphimba. Mankhwala ena, monga doxycycline ndi Bactrim, amachititsa khungu la anthu ena kupsa msanga. Zikakuchitikirani musaleke kumwa mwa inu nokha, kauzeni amene adakulemberani.

Mukaona munthu khungu lada ndi kukhakhala mozungulira khosi ngati mkanda, ndi kunja kwa manja, makamaka ngati akutsekulanso m'mimba, musangoti ndi dzuwa. Kawirikawiri amenewo ndi matenda a pelagra, obwera chifukwa chodya nsima yokhayokha popanda mtedza, nyemba, nsomba kapena nyama. Mankhwala ake alipo kuchipatala.

Pali mau amodzi kwa amayi odzola mafuta oyeretsa khungu. Mafuta amenewo amachepetsa melanini, utoto womwe uja umene mayi wa mwana wachialubino amalakalaka mwana wake akadakhala nawo. Mukulipira ndalama kuti musasule denga lanu. Masaya ofiira ndi mawanga akuda osachoka ndizo zotsatira zake. Ndipo mwana musamudzoze nkomwe.

Mwana akapsa

Mlowetseni m'nyumba. Nyowetsani nsalu yoyera m'madzi ozizira nkumaika pamalo opsawo, kusinthasintha. Muyamwitseni pafupipafupi, ndipo ngati wapitirira miyezi 6 mpatseninso madzi akumwa. Panado wa ana amachepetsa ululu, pa muyeso umene akuchipatala akuuzani. Aspirin ana sapatsidwa. Matuza musaboole. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira, phulusa, ndowe kapena masamba osinja, pakuti zimenezi zimalowetsa tizirombo. Patapita masiku khungu limasupuka lokha, musalikokere. Khungu latsopanolo limapsa msanga koposa, choncho liphimbeni.

Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo ngati sanakwane chaka, ngati matuza ali ambiri, ngati thupi latentha, akusanza, wafooka, akukana kuyamwa, kapena sakukodza monga mwa masiku onse.

Chilonda chosapola

Kamodzi pa sabata, pomusambitsa, muoneni mwana wachialubino thupi lonse pamalo owala bwino. Yendetsani zala pamphumi, pamakutu, pakhosi ndi kunja kwa manja. Mukufuna timalo tokhakhala ngati mamba a nsomba, tosachoka ngakhale mutasambitsa. Timalo totere si khansa ayi, koma tina mwa ito timasanduka khansa tikalekereredwa. Tikapezeka msanga, adokotala amatiumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri m'kamphindi kochepa, nkhanambo nkugwa yokha, munthu osagonekedwa m'chipatala. Mwa ana aang'ono sitioneka kawirikawiri. Timayamba kuchuluka pa unyamata ndi utsikana. Koma mwana amene wakula akuona mayi ake akumuyang'ana khungu amadzapitiriza yekha.

Choopsa ndi chilonda chimene chatha mwezi osapola, kapena chimene chimauma nkuyambanso, chotuluka magazi mukachikhudza, cha m'mphepete motukuka. Chilonda chotere, kaya chili pa mwana kaya pa wamkulu wachialubino wa m'mudzi mwanu, si cha kwa sing'anga ndipo si chogulira mankhwala pagolosale. Chikadali chaching'ono ngati njere ya nyemba, adokotala amachidula nkusoka, munthu nkuchira. Chikakula nkudya khutu kapena tsaya, chithandizo chimavuta, ndipo ambiri atisiya akadali achinyamata chifukwa chofika mochedwa.

Bungwe la Standing Voice, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, lakhala likuyendera zipatala za m'maboma ena, monga Machinga ndi Mangochi, kukaona khungu la anthu achialubino ndi kugawa mafuta ndi zipewa. Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ngati kwanuko kuli tsiku lotere. Kaya lilipo kaya palibe, mwana aonedwe khungu ndi achipatala miyezi 6 iliyonse ngakhale asakudwala, ndipo zimene apeza zilembedwe m'buku lake. Tikudziwa kuti kuyambira m'chaka cha 2014, pamene anthu oipa mtima adayamba kuchuluka posaka ndi kupha anthu achialubino, amayi ena amaopa kuyenda ndi ana awo mtunda wautali. Musaphonye tsiku la chipatala pa chifukwa chimenechi. Uzani amfumu, mupangane ndi amayi anzanu a sikelo kuti muziyendera limodzi, abambo kapena amalume a mwana akuperekezeni, ndipo munyamuke kukangocha kuti pofika 10 koloko mukhale mutafika pamthunzi wa chipatala.